Gemu Imene Inakoma Itagonera

Amayi anga akafuna kuphika thobwa ankayamba madzulo. Ankaphika phala mumphika waukulu, n'kulisiya kuti lipole mpaka chala chizitha kupirira kutentha kwake, kenako n'kuthiramo chimera cha mawere, kutakasa bwinobwino, n'kuvundikira ndi lichero. Ife ana tikamazungulira ndi makapu ankatibweza. Ndipo ukaba n'kulawa usiku womwewo umangomva phala lamadzimadzi, losadziwika mutu wake. Koma kukacha, akaliwiritsanso, fungo lokha linkakudzutsa pamphasa. Usiku wonse uja chimera chinali pa ntchito ife tili m'tulo. Mpaka lero ndikamva mwambi wakuti mawu a akulu akoma akagonera, m'maso mwanga mumabwera mphika umenewo uli pakona ya khitchini, lichero lili pamwamba.

Mwambiwu amatiuza tikakana malangizo. Amati pita, koma tsiku lina udzawakumbuka mawuwa, ndipo pamenepo adzakutsekemera. Ine wandipeza m'malo amene agogo athu sakanawalota, pa gemu ya pakompyuta yotchedwa Age of Empires II.

Gemuyi inatuluka mu 1999. Anaipanga ndi akatswiri a Ensemble Studios mumzinda wa Dallas ku Texas, ndipo Microsoft ndi imene inkaigulitsa. Pa zinthu za makompyuta, zaka zoposa 25 ndi ukalamba weniweni. Makina amene inkayendapo poyamba anatha kalekale, ena ali m'madzala, ena akuchita dzimbiri kuseri kwa maofesi. Magemu ambiri amene anabadwa nayo limodzi sakumbukikanso ngakhale dzina. Koma iyi ilipobe, ndipo ola lililonse la usana kapena usiku, ukailumikiza pa intaneti, umapeza munthu wina kwinakwake akudikira mnzake woti asewere naye.

Ndinaiona koyamba mu 2003, ndili pa tchuthi kwa amalume ku Zomba. Anali ndi kompyuta yakale, ya sikirini yachimimba kumbuyo, imene inkalira ngati firiji ikamayaka. Mausi yake inali ndi kampira kunsi, ndipo tsiku lililonse ndinkayenera kukatulutsa n'kupala litsiro ndi kamtengo ka machesi kuti kaziyenda bwino. CD ndinachita kubwereka kwa mnzanga wina wa m'dera lomwelo. Inali yokandikakandika, moti ndinkayamba ndaipukuta pa malaya ndi kuiuzira mpweya ndisanailowetse.

Ikayamba, dziko lonse limakhala lakuda bii. Pakati pokha ndi pamene pamawala, ndipo pamenepo pali nyumba yaikulu ya mudzi, anthu atatu ataima ndi manja opanda kanthu, mzondi mmodzi pa hatchi, ndi tinkhosa tingapo tikudya msipu. M'nkhokwe muli chakudya chokwana 200, mitengo 200, miyala 200 ndi golide 100. Chuma chonse ndi chomwecho. Uko kumdima kuli nkhalango, kuli nguluwe, kuli migodi, kuli mimbulu, kulinso mdani amene wayamba ndi anthu atatu ngati iwe. Umatuma mzondi kuti azungulire, ndipo kumene wadutsa mdima umayalulika pang'onopang'ono ngati nkhungu ya m'mawa pa phiri la Zomba. Sindikudziwa chiyambi china cha gemu chimene chimagwira mtima chotere. Ngakhale lero, nditachiona kambirimbiri, mphindi yoyambayo imandikhazika chilili.

Koma pa msinkhu umenewo mtima wanga sunali pa tinkhosa. Ndinkafuna nkhondo. Ndinkafuna asilikali a pa akavalo ovala zachitsulo, linga lalitali la miyala, ndi chilegeni chachikulu chija chimene chimaponya mwala kuchokera kutali n'kugumula khoma. Ndikapanga antchito khumi kapena khumi ndi asanu ndinkati akwana, chakudya chonse chotsala chizipita kwa ankhondo. Chuma chikatha ndinali ndi njira yachidule, chifukwa opanga gemuyi anabisamo mawu amatsenga. Ukalemba robin hood golide ankangodzaza, ukalemba lumberjack mitengo n'kuunjikana. Ndinkagonjetsa kompyuta motero, n'kumadziona ngati Genghis Khan amene nkhani yake ndinkaisewera.

Amalume anali katswiri wa bawo. Madzulo akaweruka ankakhala pakhonde ndi anzawo mpaka kuwala kutathera pa maenje. Za kompyuta sankazisamala kupitirira makalata awo a kuntchito. Tsiku lina anaima kumbuyo kwanga, kapu ya tiyi ili m'manja, n'kuyang'ana kwa nthawi ndithu osayankhula. Gulu langa lankhondo linali litafika pa chipata cha mdani. Iwo analoza pakona ina ya sikirini, kumudzi kwanga, kumene antchito asanu anangoima chilili pa minda imene inali itaguga.

"Mphwanga, awa akudikira chiyani?"

"Amenewo alibe ntchito, amalume. Nkhondo ili uku."

"Nanga asilikali akowo mawa adya chiyani?"

Ndinaseka, n'kuwauza kuti m'gemuyi asilikali sadya tsiku ndi tsiku, ukawagula wawagula. Anagwedeza mutu, anamwa tiyi wawo, n'kunena kuti pa bawo munthu amene amangoyang'ana zimene adye kwa mnzake, osawerenga zimene zatsala m'mizere yake, sachedwa kudzuka pampando. Anatuluka. Ine ndinalemba mawu amatsenga aja, golide anadzaza, nkhani n'kuthera pomwepo.

Inathera pomwepo kwa zaka 17.

Mu 2020, nthawi ya mliri ija pamene tonse tinkakhala pakhomo, ndinagula mtundu watsopano wa gemuyi, umene unatuluka mu Novembala 2019 ndi dzina lakuti Definitive Edition. Ndinkangofuna kukumbuka ubwana. Nyimbo yoyambirira italira ndinamva ngati ndalowanso m'chipinda chija cha ku Zomba, fungo la fumbi lotentha la m'kompyuta ndi phokoso la njere za bawo pakhonde. Kenako ndinayesa kusewera ndi munthu weniweni pa intaneti, kumene mawu amatsenga sagwira ntchito. Sipanathe mphindi 25. Asilikali ake a pa akavalo analowa m'mudzi mwanga ngati madzi osefukira, ndipo ndikapha asanu kunkabwera khumi. Gemuyi imasunga chithunzi cha masewero onse, choncho ndinabwerera kukaonera kuchokera ku mbali yake kuti ndidziwe kumene ankawatenga. Ndinkayembekeza kuona luso lapadera la nkhondo. Zimene ndinaona ndi minda. Minda yozungulira nyumba yaikulu, minda yozungulira chigayo, anthu pa mitengo, anthu pa golide, aliyense akupita ndi kubwera ndi katundu. Iye anali ndi antchito oposa kawiri a ine. Nkhondo ija anali ataipambana kale ndi khasu, akavalo anangobwera kudzandiuza.

Usiku umenewo funso la amalume linandibwerera lathunthu, ndi mawu awo enieni, ndi kapu ya tiyi ija. Linali litagonera mokwanira.

Ndinayamba kuiphunzira gemuyi mwatsopano, ndipo ndinadabwa kuona kuti zonse zimene inkafuna kundiuza zinalimo kuyambira mu 1999. Wantchito mmodzi amafuna chakudya 50 ndi masekondi 25 kuti atuluke m'nyumba yaikulu. Lamulo loyamba la aliyense wodziwa kusewera ndi lakuti nyumba imeneyo isakhale chete ngakhale kamphindi. Ukaiwala kwa masekondi 25 watsala m'mbuyo ndi munthu mmodzi, ndipo munthu ameneyo akanadula mitengo imene ikanamanga munda, umene ukanadyetsa wantchito wina. Chimene wataya pa mphindi yachitatu umachimva kupweteka pa mphindi ya 30. Nyumba yogona iliyonse imasunga anthu asanu okha, choncho ukachedwa kumanga, mudzi wonse umaima kukula. Nkhosa ili ndi chakudya 100, koma ukaipha nyamayo imayamba kuwola, kotero munthu wanzeru amapha imodziimodzi, anthu onse n'kuizungulira mpaka ithe. Ukazisiya patali osazisamala, mzondi wa mdani amadutsa n'kuzikusa zonse.

Ndiye pali nguluwe. Ili ndi chakudya 340, chuma chachikulu pa nthawi imene mudzi uli waung'ono, koma ndi yolusa ndipo ikhoza kupha wantchito. Umatuma munthu mmodzi yekha. Amayenda mpaka kukaipeza, amailasa, kenako amatembenuka n'kuthawira kumudzi, chilombocho chili pambuyo pake. Iwe dzanja lili pa mausi, maso ali pa kamzere kobiriwira kosonyeza moyo wake, kamene kamafupika nthawi iliyonse nguluweyo ikamupeza ndi mano. Akathamanga kwambiri nguluwe imataya mtima n'kubwerera kuthengo. Akachedwa amafera panjira. Akafika pansi pa denga la nyumba yaikulu, anzake amasiya nkhosa n'kuilasa onse pamodzi, ndipo imagwera pakhomo penipeni, pamene palibe mtunda wonyamula nyama. Zonsezi zimachitika m'masekondi owerengeka, koma thukuta limatuluka m'manja. Ndaonapo nkhondo za asilikali mazana m'magemu atsopano okongola kwambiri, ndipo sizinandigwire pakhosi ngati kuthamanga kwa munthu mmodzi ameneyu.

Mudzi umakula m'nyengo zinayi. Kuchoka mu yoyamba kumafuna chakudya 500. Kulowa yachitatu, imene umatha kumanga linga la miyala 650, kumafuna chakudya 800 ndi golide 200. Yomaliza imafuna chakudya 1000 ndi golide 800. Taonani kuti pa khomo lililonse chofunika kwambiri ndi chakudya. Ndipo nthawi imene nyumba yaikulu ikukonzekera kulowa nyengo yatsopano siitulutsa antchito, choncho funso limakhala lomwe mlimi aliyense amalidziwa: ndigulitse tsopano kapena ndisunge, ndidye mbewuyi kapena ndibzale? Munda umafuna mitengo 60, ndipo ukaguga uyenera kuulimanso. Pali ngakhale wilibala, imene ukaiphunzira antchito onse amayenda msanga ndi kunyamula zochuluka. Kumsika nako mtengo suima. Ukagulitsa mitengo yambiri mtengo wake umagwa, ukagula chakudya chambiri umakwera, monga zimachitikira chimanga pakati pa Meyi ndi Febuluwale. Osewera odziwa, pa anthu 200 amene masewero ambiri amalola, amakhala ndi antchito oposa 100. Ine ndinkayesa kumanga ufumu ndi khumi ndi asanu.

Pali batani limodzi pa kiyibodi, la kadontho, limene ukalidina limakutengera kwa wantchito amene wangoima. Age of Empires yoyamba, ya mu 1997, inalibe zimenezi, anaziika mu yachiwiriyi. Ndikuganiza kuti batani limeneli ndilo mtima wa gemu yonse. Ndi funso la amalume lija, lakuti awa akudikira chiyani, litasanduka chinthu chodina ndi chala.

Sindikunena kuti nkhondo yake ndi yopepuka. Anailuka mwanzeru kwambiri. Wa pa kavalo amathamangitsa oponya mivi, koma amagwa pamaso pa wamkondo, amene ndi wotsika mtengo ndipo safuna golide ngakhale pang'ono. Wamkondo naye amalasidwa ndi mivi asanafike pafupi. Palibe msilikali amene alibe chomuopsa, ndipo amene wangodalira mtundu umodzi amagonja kwa mnzake amene anatuma mzondi n'kuona zimene zikubwera. Nkhanga zinapangana kusanapse. Pali ansembe amene amachiritsa ovulala ndi kutembenuza mtima wa msilikali wa mdani kuti akhale wako. Koma penyani kumene wosewera wochenjera amatumiza asilikali ake oyamba. Salimbana ndi khoma. Amazembera kumbuyo, kumene anthu akudula mitengo kapena kukumba golide, chifukwa amadziwa kuti akapha antchito asanu waphanso asilikali makumi amene sanabadwe. Ukawaona akubwera umaimba belu, anthu onse n'kuthawira m'nyumba yaikulu. Amapulumuka, koma minda imatsala yokha, ndipo sekondi iliyonse imene ali mobisalamo nkhokwe ikuuma. Akulu anati nkhondo simanga mudzi. Sindinaonepo chinthu china chopangidwira kusangalatsa anthu chimene chimasonyeza zimenezi poyera ngati belu limeneli.

N'chifukwa chiyani sinakalambe? Ndikamaganiza za funsoli ndimabwerera pakhonde la amalume. Bawo ili ndi maenje 32, ndipo malamulo ake mwana akhoza kuwamva tsiku limodzi, koma munthu amafika imvi asanaione pansi pake. Palibe amene amati bawo yatha fasho chifukwa thabwa lake lakalamba. Age of Empires II inamangidwa mofananamo: zinthu zinayi zosonkhanitsa, nyengo zinayi, ndi dziko limene limasintha nthawi iliyonse ukayamba, moti golide amene dzulo anali kuseri kwa nyumba lero ali poyera, pafupi ndi mdani. Zithunzi zakenso zinathandiza. Anazijambula kuti ziziwerengeka, ukangoponya diso udziwe kuti uyu ndi wamkondo, uyu ndi wauta, uyu wanyamula nkhuni. Magemu ena a nthawi imeneyo ankathamangira kuoneka amakono, ndipo chimene chinali chamakono mu 1999 lero chimapweteka m'maso.

Koma thobwa silidziphika lokha, pamafunika wina wovundikira mphika. Mu 2006 Microsoft inatseka malo a pa intaneti amene osewera ankakumanirapo, ndipo mu 2009 Ensemble Studios yeniyeniyo inatsekedwa. Mwa njira zonse za malonda, gemuyi inayenera kufera pamenepo. Osewera anakana. Anadzipezera malo awo okumanirana, anakonza zolakwika zimene eni ake anazisiya, anapitiriza mipikisano yawo popanda wowalipira. Kagulu kena ka okonda gemuyi, kotchedwa Forgotten Empires, kanafika powonjezeramo mitundu yatsopano ya anthu mwa kufuna kwawo. Ntchito yawo inali yabwino moti Microsoft, itatulutsanso gemuyi mu 2013, inawatenga kuti azigwira nawo, ndipo ndi omwewo amene anadzapanga mtundu wa 2019. Ndimawalemekeza anthu amenewa pa chinthu chimodzi makamaka. Anakongoletsa zithunzi, anawonjezera zambiri, koma maziko sanawagwedeze. Wantchito akadali chakudya 50. Munthu amene anasiya kusewera mu 2003 akhoza kukhala pansi lero manja ake n'kukumbuka okha. Masiku ano kuli akatswiri ngati TheViper wa ku Norway amene moyo wawo ndi gemu imeneyi, ndipo mu 2022 mpikisano wa Red Bull Wololo unachitikira m'linga lenileni lakale la ku Heidelberg ku Germany.

Poyamba munali mitundu 13 ya anthu, kuchokera kwa Afranki mpaka kwa Amongoli ndi Ajapani, ndipo nkhani zake zinali za Joan of Arc, Saladin, Barbarossa ndi ena otero. Mu 2015 kunabwera gawo lotchedwa The African Kingdoms, lokhala ndi anthu a ku Mali, a ku Ethiopia, Aberiberi ndi Apwitikizi. Pamenepo munthu umatha kusewera nkhani ya Sundjata, mwana amene ankalephera kuyenda koma anadzagonjetsa Sumanguru pa Kirina cha m'ma 1235 n'kukhazikitsa ufumu wa Mali, ndipo umatha kumanga mzikiti waukulu wa Djenné pakati pa mudzi wako. Zinandisangalatsa. Koma m'gawo lomwelo muli nkhani ya Francisco de Almeida, amene m'mbiri yeniyeni analanda Kilwa ndi kutentha Mombasa mu 1505, ndipo umaisewera uli ku mbali yake. Ndinaimaliza mtima uli wolemera. Gemuyi imakonda kufotokoza mbiri kuchokera pa mpando wa wogonjetsa, ndipo pa mitundu inayi ija panalibe omanga miyala a Great Zimbabwe, panalibe Aswahili a m'mphepete mwa nyanja, panalibe Amaravi. Ichi ndi chilema, ndipo chikondi changa sichichiphimba. Chimene chimandibweza ndi chakuti pansi pa mafumu onsewo, amene amasenza gemu yonse ndi anthu opanda dzina, amuna ndi akazi omwe, amene ukawadina amayankha m'chilankhulo cha kwawo n'kunyamuka kupita kumunda.

Amalume anatisiya zaka zingapo mliri uja usanafike, choncho sindinapeze mpata wowauza kuti funso lawo ndinalimva. Thabwa lawo la bawo lili kwanga, m'mphepete mwa maenje muli mosalala chifukwa cha zala zawo. Kompyuta ija sindikudziwa kumene inathera.

Loweruka lina posachedwapa mwana wanga wamkazi, wa zaka khumi, anakoka mpando n'kukhala pambali panga. Ndinamupatsa mausi. Mdima unali utazungulira, anthu atatu aja ataima pamene amaima nthawi zonse. Anandifunsa kuti akavalo ali kuti, ndipo ndinamuuza kuti abwera, ayambe wapeza nkhosa. Nguluwe yoyamba inamuphera munthu, misozi inalengeza. Yachiwiri anaifikitsa pakhomo ndipo anakuwa mpaka amayi ake anatuluka kukhitchini. Patapita nthawi magetsi anazima tisanasunge kalikonse, mudzi wonse n'kupita. Iye sanadandaule. Anangofunsa ngati mawa tingayambenso, ndipo anati ulendo uno amanga nyumba zogona msanga kuti anthu asaime.

Inu amene muli ndi CD yake m'katoni ina pamodzi ndi mabuku akale a kusukulu, musaitaye. Ndipo ngati wamkulu amene ankaima kumbuyo kwanu mukusewera akadali moyo, pitani mukamuone mwezi uno usanathe.